Matenda a Nkhosa

Alma-Ata, 6 Malichi 1989

Amayi ndi Abambo,

Ziweto ndi anthu, muli bwanji nonse? Nkhosa zapulumuka chisanu? Ine ndili bwino, kungoti tulo sindikutiona, ndipo ulendo uno si chifukwa cha njala.

Amayi, kuno kwachitika chinthu. Sabata yatha anthu anadzaza holo mpaka kusefukira mumsewu, munthu wina n'kuimirira, n'kutchula Poligoni, malo aja oyeserapo mabomba, poyera, dzuwa likuswa mtengo. Anati asilikali aleke kuphulitsa mabomba awo a nyukiliya pansi pa msipu wathu. Ine ndinkadikira kuti amunyamule, koma anthu anangowomba m'manja.

Zaka makumi anayi, Amayi! Poyamba ankaphulitsira m'mwamba, Abambo ali mnyamata n'kumaonerera dzuwa lachiwiri likutuluka kumene dzuwa silitulukira. Kenako analowa pansi pa nthaka, makapu n'kumagwa pashelefu, ife ana n'kumaseka. Ndaphunzira sayansi mpaka kumaliza kuti ndidziwe chimene chinkagwetsa makapuwo, ndiye musandiuze kuti ndizikhala ngati sindichidziwa. Aamerika anakayesera awo m'chipululu cha anthu amene anawalanda dziko, ndi pazilumba za asodzi. Afalansa anapita ku Algeria, Angelezi ku Australia. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anayesera bomba kuseri kwa nyumba ya amayi ake. Onse amasakasaka malo opanda anthu, ndipo m'malo opanda anthuwo mumakhala anthu ngati ife, abusa osadziwa kukana.

Ndalowa m'gulu lofuna kuti Poligoni itsekedwe. Akuluakulu a gululi andiona kale. Akufuna mwana wobadwira komweko, wodziwa kulankhula, ndipo ine sindinavutike ndi sukulu kuti ndizitsuka mabotolo a aphunzitsi mpaka imvi.

Tsono ndiuzeni za Abambo. Kummero kuli bwanji? Nyama akumeza? Madokotala aja ochokera kutauni akabweranso n'kunena kuti ndi matenda a nkhosa, muwafunse kuti ndi nkhosa iti imatseka munthu pammero. Dzina lake ndi khansa, ndipo anaibereka ndi bomba. Ndikupempha chilolezo chanu kuti ndidzatchule dzina la Abambo pagulu: Nurgali, mbusa wa ku Kokbulak.

Zauresh mlongo wanga, waulesi iwe, gwira cholembera. Unditumizirenso timibulu ta mkaka wouma, takuno ndi choko chenicheni.

Mwana wanu,
Meiram

Kokbulak, 9 Epulo 1989

Achimwene,

Anthu tili moyo. Nkhosa zikubereka, chaka chino mapasa ndi osayamba. Kalata yanu ndinawawerengera Amayi kukhitchini, Abambo ali kukhola. Nditafika pa dzina lija la matenda anandilanda n'kuiponya pamoto. Chilolezo chanu chinapsa nayo limodzi.

Koma khalani pansi kaye. Makutu anga alemera! Mukumukumbuka Darkhan, woyendetsa lole ya udzu, amene munkati lole yake imatsokomola ngati nkhalamba? Abale ake anabwera kuchokera kumwera, ku Sarkand, ndipo amayi ake anandiveka ndolo ndi manja awo. Ndi zasiliva, zinali za apongozi awo. Akuluakulu anadyetsana chiwindi ndi mafuta a mchira wa nkhosa, ndiye kuti basi, tsopano akutchulana asewere.

Bambo ake, a Orazbek, ndi munthu wa mwambo kwadzaoneni. Anatchula makolo awo asanu ndi awiri, Abambo n'kutchula athu, ndipo palibe pamene magazi anakumana. A Orazbek anasisita ndevu n'kunena kuti magazi abwino ndicho chuma chokha chimene munthu amasiyira adzukulu. Kenako anaona kuti Abambo akungomwa tiyi.

"Asewere, bwanji mukuiyang'ana nyama ngati ya mwini?" anafunsa.

Abambo asanatsegule pakamwa, Amayi anali atalumphira kale. "Ndi matenda a nkhosa, asewere. Anawatenga pothandiza nkhosa kubereka."

"Aa, amenewo? Mkulu wanga anatsimphina nawo zaka ziwiri. Mbusa amene sanadwalepo matenda a nkhosa ndi wakuba ameneyo, zake amaweta ali chigonere!"

Nyumba yonse inaseka. Ine ndinali kuseri kwa katani, manja ali kumakutu, kuopa kuti ndolo zigwa.

Ukwati ndi mu Okutobala, tikatha kumeta nkhosa kachiwiri. Muyambiretu kusaka suti, jekete lanu lija lokhala ndi chigamba pachigongono sindikulifuna pazithunzi zanga.

Tsopano mawu a Amayi, ndikulemba mmene akunenera: "Meiram mwana wanga, tseka pakamwa mpaka Okutobala. Usatchule bambo ako, usatchule mudzi. Bambo ako ali ndi matenda a nkhosa. Wamva? A nkhosa."

Timibulu tanu ndapatsira mwana wa oyandikana nawo amene akubwera kumeneko. Akakadya panjira musadzandifunse.

Mlongo wanu,
Zauresh

Alma-Ata, 2 Meyi 1989

Zauresh,

Ziweto ndi anthu, muli bwanji? Timibulu tinafika, koma mthenga wako anadula msonkho.

Ndasangalala nawe, mlongo wanga. Darkhan ndi munthu, ngakhale lole yake ndi yoyenera kumanda. Suti ndibwereka.

Koma mawu a Amayi andipweteka. Mpaka liti mantha? Ndikudziwa chimene akuopa: kuti abwana a famu ya boma atichotsera nkhosa, kuti amuna ovala zipewa zakuda adzagogoda pakhomo ukwati usanachitike. Uwauze kuti nthawi imeneyo inapita. Nyuzi zikulemba, aphunzitsi akusayina, ngakhale okumba malasha akuti anyanyala ntchito. Amuna a zipewa aja ndi amene akuopa tsopano. Ife tokha a ku Kokbulak, amene tinamwa fumbi lenilenilo, ndiye tizinong'ona ngati taba?

"Dikira Okutobala." Kwathu kuja zonse ndi kudikira. Dikira nkhosa zibereke, dikira udzu umwetedwe, dikira maliro athe. Asilikali okha ndi amene sadikira. Pamene ife tikumeta ubweya iwo akukumba dzenje lina.

Imva tsono. Mu Ogasiti kudzakhala msonkhano waukulu kuchidikha, m'chigawo chathu chomwecho. Kudzabwera a wailesi ndi alendo ochokera kunja, mpaka anthu a ku Japan amene bomba linawagwera pamutu. Andipatsa mpata wolankhula m'malo mwa achinyamata. Amene adzalankhule zogwira mtima adzasankhidwa kupita ku Moscow kukaima pamaso pa opanga malamulo. Ukumva, Zauresh? Mwana wa mbusa! Mawu ndalemba kale, ndipo akuyamba ndi mmero wa Abambo. Ziwerengero sizilizitsa munthu, koma dzina limalizitsa.

Amayi adzakwiya sabata imodzi, kenako adzanyadira. A Orazbek nawonso adzadziwa kuti alowa m'banja la anthu osagwada.

Abambo kummero kuli bwanji tsopano? Sunandiyankhe.

Meiram

Kokbulak, 18 Juni 1989

Achimwene,

Ziweto zili kumsipu wa kumapiri, zanenepa. Abambo ayi. Tsopano ndi msuzi wokha, nawonso umabwerera. Lamba tabowola kawiri.

Kalata iyi Amayi sakuidziwa. Ndikulembera kuchipinda cha ubweya, pepala lili pabondo.

Inu ndi sukulu yanu yonseyo, mutu ngati chidebe! Ndani wakuuzani za zipewa zakuda? Amayi saopa wapolisi, munawaonapo akuthamangitsa woyang'anira famu ndi chipande. Akuopa a Orazbek. Kodi ndichite kukulemberani ngati mwana wa sitandade wani?

Matenda a nkhosa amathera pa mwini wake. Wadwala, wachira kapena wafa, nkhani yatha. Koma matenda a bomba anthu amati amalowa m'magazi, n'kumatsika kwa ana ndi adzukulu. Kumwera amanena kale kuti atsikana a kufupi ndi Poligoni amabereka zinthu zosaonetsa anthu. Ndipo si kuti akunama kwenikweni. Mukudziwa chifukwa chimene oyandikana nafe a kumtunda satsegula zenera la kuchipinda chakumbuyo. Mwana wawo wamkazi wamkulu, wokongola uja, wafika zaka makumi atatu makutu ali opanda kanthu.

Mukuganiza kuti Amayi amakhulupirira madokotala aja? Anadziwa inu musanabadwe. Mudzi wonse umadziwa. Bodza limeneli anatipatsa ndi eni bomba, inde, koma ndi bulangete lokhalo limene tili nalo, ndipo atsikana a kuno takwatiwa titafunda lomwelo. Inu mukufuna kulivundukula pawailesi ine ndili pakhomo penipeni potulukira.

Musati ndikumunamiza Darkhan. Iye amadziwa, wayenda msewu uno nthaka ikugwedezeka pansi pa matayala. Anati, "Chimene Mulungu adzatipatse tidzalera." Koma mawu a bambo ake sangawalumphe, ndipo bambo akewo munamva mmene amawerengera magazi.

Sindidziwa chimene chili m'thupi mwangamu. Inunso ndi sayansi yanu simudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti ku Sarkand kuli mitengo ya maapozi ndipo makapu amakhala pamene wawaika. Ndikufuna kukaona zimenezo. Poligoni yakhala zaka makumi anayi, siithawa pofika Okutobala.

Kalankhuleni, sindikukuletsani. Tchulani Amerika, tchulani zilumba zanu zija. Koma wina akakufunsani za kwanu, yankho ndi limodzi lomwe lija. Ndipo musafike kuno ndi anthu a makamera.

Sindinakupempheniponi kanthu kuposa maswiti. Ichi chokha.

Zauresh

Alma-Ata, 10 Ogasiti 1989

Zauresh,

Ziweto ndi anthu, muli bwanji? Kalata yako inagona kuhositelo ine ndikuzungulira m'matauni ndi mapepala a gulu. Ndinaipeza ulendo wa kumsonkhano utatsala pang'ono. Ndinaiwerenga m'basi, ndinatukwana, kenako ndinang'amba tsamba loyamba la mawu anga. Tsamba labwino koposa limene ndinalembapo! Usadzanene kuti mchimwene wako sakukonda.

Ndinasunga lonjezo. Ndikufuna umve kwa ine mmene zinayendera.

Anthu analipo osawerengeka, ena pa akavalo, ena pamalole. Aliyense anatola mwala n'kuponya pamulu umodzi, monga ankachitira makolo pothamangitsa mliri. Nthawi yanga itakwana ndinalankhula za zipululu ndi zilumba, ndinatchula zaka ndi mayiko. Anthu anawomba m'manja ngati akuthamangitsa ntchentche. Ndinaona akuluakulu a gulu akuyang'ana mawotchi. Mumtima ndinati, basi, Moscow yapita, ndaigulitsa pa ndolo ziwiri.

Ndikutsika pansanja, munthu wa wailesi anandigwira pamkono, maikolofoni ikadali yolumikizidwa ku zokuzira mawu. "Mnyamata, akuti ndiwe wa ku Kokbulak, mwana wa a Nurgali. Kwanu kuli wodwala?"

Sindine ndinamuuza zimenezo, alipo amene anamuuza. M'maganizo ndinaona nkhope yako. Ndinanena ndendende mawu a Amayi: "Bambo anga ali ndi matenda a nkhosa."

 Kenako bambo wina pakavalo anayamba kuseka. Chiseko chinafalikira ngati moto wa m'udzu, koma si chiseko chimene umachidziwa, Zauresh, ena ankaseka misozi ikutsika. Mayi wina wachikulire anakuwa: "Amuna anganso, mwanawe! Ndi ana anga awiri! Manda onse akwathu ndi a nkhosa!" Wina n'kuti, "Mangani nkhosazo, zatha anthu!" Gulu lonse linayamba kulira ngati nkhosa, mee, mee, kuloza kumene kuli Poligoni.

Wa wailesi uja anatembenukira ku maikolofoni yake n'kufotokozera omvera kuti m'chigawo chino amenewo ndi mawu amene madokotala amanena akaletsedwa kutchula matenda a bomba.

Akuluakulu a gulu anandikumbatira. Akuti sanaonepo chipongwe chakuthwa chotero. Akuganiza kuti ndinachita dala! Andisankha, ndikupita ku Moscow mwezi wamawa.

Sindinatchule bomba. Sindinatchule khansa. Ndinanena zimene munandituma. Kaya ku Sarkand wailesi imeneyi imamveka bwino? Ndi kutali, ndipo ino ndi nyengo yomweta udzu, anthu sakhala m'nyumba. Ndiyankhe msanga.

Meiram

Sarkand, 27 Ogasiti 1989

Kwa a Nurgali ndi a m'nyumba mwawo,

Mtendere ukhale pa ziweto zanu ndi pa anthu anu. Kuno tili bwino.

Ndine munthu wosazolowera cholembera, ndiye ndifupikitsa. Tamva mwana wanu pawailesi. Abwereza katatu, ndipo msika wonse wa kuno ukukamba za iye. Mwalera mwana wolankhula, Mulungu amusunge.

Mawu amene ananena ndi omwe aja tinauzidwa pamphasa yanu, chiwindi chili m'kamwa. Tsiku lija ife tinaseka. Tsopano tamva kuti kwanuko mawu amenewa amasekedwa mwamtundu wina.

Sindikukuimbani mlandu. Ndikanakhala ine, mwina ndikananena chimodzimodzi. Tsoka limene linakugwerani simunaliitane, ndipo amene analibweretsa adzayankha kwa Mulungu. Koma Darkhan ndi mwana wanga wamwamuna mmodzi yekha. Tinakhala pansi n'kuwerenga makolo asanu ndi awiri a kumbuyo, tinaiwala kuti kutsogolonso kuli asanu ndi awiri.

Mu Okutobala musatiyembekezere. Ndolo zikhale kwa mtsikanayo, ife sitilanda chimene taveka. Iye alibe cholakwa.

Mulungu akupatseni machiritso.

Orazbek

Kokbulak, 5 Seputembala 1989

Meiram,

Ndalemba ndekha, uwerenga movutika. Mlongo wako sakugwira cholembera.

Kalata ya a Orazbek ndaiika momwemu. Iwe ndiwe wophunzira, iwerenge pawailesi.

Ndinakutuma kuti ukhale chete. Sindinakutume kuti ukanyamule mawu a m'nyumba mwanga n'kukawaimika pamaso pa dziko. Ndawasunga zaka zonsezi ngati dzira. Ndinaika nawo m'manda amayi anga ndi mng'ono wako wakhanda uja, ndipo palibe anaseka.

Bambo ako akufunsa ngati ku Moscow kukuzizira. Akuti utenge chipewa.

Mayi ako

Moscow, 21 Okutobala 1989

Amayi, Zauresh,

Ziweto ndi anthu, muli bwanji? Iyi ndi kalata yachitatu. Kodi kumeneko positi inafa, kapena ndine ndinafa?

Ndinalembera Darkhan, sanayankhe. Ndinalembera a Orazbek masamba anayi, kuwafotokozera kuti palibe dokotala angalumbire kuti ana a Zauresh adzabadwa olumala, ndiponso kuti mphepo ya Poligoni sinkaima pamalire a chigawo kufunsa njira. Mwina fumbi lomwelo linagwera pa maapozi awo. Nawonso zii.

Amayi, ndilangeni mmene mungafunire, koma ine sindinakumbe dzenje pansi pa msipu wanu. Sindine ndinaphunzitsa madokotala kunamizira nkhosa. Anatipatsa poizoni, n'kutipatsanso bodza loti tiziphimbira poizoniyo, ndipo ife tinalisamala bodzalo kuposa mmene tinasamalira anthu. Lero mukukwiyira ine, a Orazbek akukwiyira magazi athu, Darkhan wabisala pansi pa lole. Nanga amene anaphulitsa, ndani akuwakwiyira?

Kuno tikungodikira m'makonde. Amatipatsa tiyi, amagwedeza mitu, amati nkhaniyi ndi yofunika kuiganizira mofatsa. Mmodzi anandifunsa ngati ndingabwereze nthabwala ija ya nkhosa, akuti mkazi wake anaikonda. Ndinatuluka ndisanamuswe mano.

Dzulo tamva kuti aphulitsanso lina. Munalimva? Nyumba ili bwino? Abambo ali bwanji? Chipewa ndinatenga, muwauze.

Wina andiyankhe, ngakhale ndi chitukwano.

Meiram

Kokbulak, 3 Novembala 1989

Achimwene,

Makalata anu onse anafika. Panalibe wowayankha.

Abambo tinawaika kumapeto kwa Seputembala. Tinatumiza telegalamu kuhositelo kwanu ku Alma-Ata, inu muli ku Moscow. Dothi loyamba anaponya ndi amalume. Anthu anafunsa za inu, Amayi anati muli pantchito ya boma.

Mudziwe chinthu chimodzi. Tsiku lija wailesi inali pafupi ndi bedi lawo, anamva zonse. Gulu litayamba kulira ngati nkhosa, Abambo anaseka mpaka kutsokomola magazi. Atapuma anandikodola n'kunong'ona kuti, "Ndiye tilipo ambiri chonchi? Ine ndimayesa wopusa ndine ndekha." Amayi anazimitsa wailesi. Sinayatsidwenso.

Bomba lija mukufunsalo tinalimva. Inali sabata imene ikanakhala ya ukwati wanga. Makapu atsopano amene Amayi anagulira alendo a ku Sarkand anali akadali pashelefu. Ndinaima n'kumawaonerera akuyenda okha mpaka kumphepete. Sindinatambasule dzanja.

Darkhan anamusintha msewu. Anadutsa kamodzi ndi udzu, anaimba hutala pamphambano, lole inachepetsa liwiro, kenako inapitirira. Ikutsokomolabe.

Mukufuna ndikuuzeni kuti simunalakwe. Ndayesa kukukwiyirani, ndawerenga kalata yanu ija kambirimbiri kusaka pamene munandiphwanyira lonjezo, sindikupapeza. Munanena zimene ndinakupemphani, liwu ndi liwu. Chimenecho ndiye chikundiwawa kwambiri. Koma musayembekezerenso kuti ndikuthokozeni. Inu muli ku Moscow, ine ndili kuno.

M'kansalu kali mu envelopuyi muli ndolo. A Orazbek akuti salanda chimene aveka, ndiye n'zanga, ndichita nazo zimene ndifuna. Akakupatsaninso tiyi anthu ogwedeza mitu aja, mukaziike patebulo pawo. Mukanene kuti n'za Zauresh, mwana wa Nurgali, wa ku Kokbulak, wa zaka makumi awiri ndi ziwiri. Mukatchule matenda amene anapha bambo ake ndi dzina lake lenileni, mokweza, kuti asapeze poseka. Chilolezo munkachifuna chija ndi chimenechi. Tsopano palibe chotsala choti chiwonongeke.

Amayi sakudziwa kuti ndatumiza. Amaona makutu anga m'mawa uliwonse, sanafunsepo.

Mumayamba ndi ziweto nthawi zonse, ndiye ndikuyankheni. Tameta, ubweya wachuluka, abwana a famu atiyamikira. Nkhosa zonse zili bwino. Palibe ndi imodzi yomwe ikudwala.

Zauresh